PAMPHALA: Katundu Wolemera Sadzera Njira Yacidule

Sabata yatha tinaceza za kasungidwe ka mpunga, kuti anankafumbwe asatilande thukuta la caka cathunthu. Lero ndatsika pa nkhokwe, ndipo ndifuna ticeze za kanthu kakang'ono kamene masiku ano kakhala m'thumba la malaya kapena pa mfundo ya citenje, ndiko foni ya m'manja. Ena mudzati nkhani yotere ndi ya ana a sukulu, si ya ife alimi ai. Khazikani mtima pansi mumve, pakuti ndaona ndi maso anga nkhuku zisanu ndi matini awiri a mpunga zikucoka pakhomo cifukwa ca kusadziwa cinthu cimene munthu angaphunzire nsima isanapse.

Ndiri ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene akhala ndi amake m'dera la Mfumu Mnkhanya, m'boma la Mambwe. Mnyamatayu analemba mayeso a Giredi 12 napambana bwino, ndipo monga mudziwa, kwathu kwa Akunda mwana wa mlongo ndi mtolo wa malume. Cotero pamene anafuna malo pa koleji ina, nkhaniyo inali yanganso. Kolejiyo inalengeza kuti siilandira makalata a pa positi kapena a pamanja. Aliyense wofuna malo anayenera kulemba fomu ya pa intaneti, ndi kutumiza pomwepo cithunzi ca citupa cake ca NRC ndi ca zotsatira za mayeso, tsiku lotsekera lisanafike. Mnyamata anati palibe cobvuta, foni ali nayo. Anagula bandulo, nakwera pa culu ca kuseri kwa mudzi pamene netiweki imagwira bwino, nayamba kulemba.

Fomu inatseguka, iye nalemba dzina, nambala ya citupa, dzina la sukulu ndi zina zonse. Koma atafika potumiza zithunzi, batani lake linangoti zii. Akalidinda, silinali kuyankha. Akalidindanso, tsamba lonse linali kuyambanso pa ciyambi, zimene analemba zitafufutika. Tsiku loyamba linapita, laciwiri linapita, ndipo pa lacitatu bandulo yacitatu inatha. Amake anayamba kuyang'ana anansi ndi diso la m'mbali, nati pali wina amene safuna kuti mwana wao aphunzire. Anzake a pa msika anati malo anagawana kale ana a mabwana, fomu ija ndi yongophimba anthu m'maso. Madzulo a tsiku lacitatu anandiimbira, mau ali kunjenjemera: "Amalume, fomu yakana. Kwatsala masiku awiri. Ndicite ciani?" Ine, posadziwa kanthu, ndinati abwere ku Chipata kumene kuli makompyuta. Apo ndi pamene nkhuku ndi mpunga zinagulitsidwa kuti papezeke ya basi, pakuti ulendo wocoka ku Mfuwe kufika ku Chipata upitirira makilomita 100.

Tinalowa m'kasitolo kena ka m'tauni kamene amataipa makalata ndi kusindikiza zithunzi. Ine ndinayembekeza kuti atikhazika pa kompyuta. Koma mtsikana wa pamenepo atamva nkhani yathu anangoti, "Acimwene, tandipatsani foni yanuyo. Fomuyi munaitsegulira muti?" Mphwanga anayankha kuti anangodinda pa mau abuluu amene mnzake anamtumizira, fomu nitseguka yokha. Mtsikana anamwetulira. Anakopera mau abuluu aja, natseka pamene mnyamata anali kulembera, natsegula kacizindikiro kena kamene kanali m'foni momwemo kuyambira tsiku logula, naika mau aja m'menemo. Fomu inabwera ndi maonekedwe ena, batani lija linagwira nchito, zithunzi zinapita. Sipanathe mphindi 15. Ndipo anatembenukira kwa ine nati, "Atate, izi akanacitira kumudzi konko. Foni ndi yomweyi, anangodzera njira yosayenera katundu wao."

Ndinabwerera kunyumba ndiri ndi manyazi. Koleji inalibe mlandu, wogulitsa foni analibe mlandu, ndipo anansi a mlongo wanga anayang'anidwa ndi diso loipa popanda cifukwa. Akulu anati safunsa anadya phula. Cotero ndinapita kukafunsa kwa odziwa, ndipo zimene ndinamva ndizo ndikugawireni lero.

KODI BRAUZA N'CIANI?

Masamba a pa intaneti sakhala m'foni mwanu. Akhala m'makompyuta akulu a eni ake, ena ku Lusaka, ena kutsidya kwa nyanja. Kuti tsamba lifike pamaso panu pafunika pulogalamu yokalitenga ndi kuliyala pa galasi la foni kuti muwerenge ndi kulembapo. Pulogalamu yotere dzina lake ndi brauza, ndipo mabrauza alipo ambiri. Pali Chrome ya kampani ya Google, imene inatuluka mu 2008 ndipo ipezeka m'mafoni ambiri a Android. Pali Opera Mini, imene ambiri a ife tinayamba nayo pa mafoni a mabatani. Pali Firefox, pali Samsung Internet ya m'mafoni a Samsung, pali Safari ya m'mafoni a iPhone, ndi ena otero. Foni imodzi ikhoza kukhala ndi mabrauza awiri kapena atatu, mwini wake osadziwa.

Tsono pakati pa mabrauzawo pali imodzi imene foni imaiyesa ya masiku onse. Mukadinda pa mau abuluu aja, amene dzina lao ndi linki, foni siikufunsani kanthu. Ingotuma brauza ya masiku onseyo. Nanga anaisankha ndani? Nthawi zina ndi eni fakitale. Nthawi zina ndi mnyamata wa pa msika amene anakuikirani mapulogalamu tsiku logula. Nthawi zinanso ndi mwana wanu: foni inamfunsa m'Cizungu ngati atsegule ndi brauza iyi kamodzi kokha kapena nthawi zonse, iye nadinda pa mau akuti Always, ndipo kuyambira tsikulo foni siinafunsenso. Mfundo yaikulu ya lero ndi iyi: brauza imene imatseguka yokha siikhala yoyenera nchito iriyonse, ndipo muli ndi ufulu wotsegula tsamba lina lirilonse m'brauza ina imene mwasankha inu.

NJIRA ZITATU

Tonse tidziwa kuti kucoka pamudzi kupita ku msika wa thonje pali njira zingapo. Pali yacidule ya m'minda, imene munthu wonyamula khasu lokha afika nayo msanga. Pali yodzera pabwalo la mnansi. Ndipo pali mseu waukulu, wozungulira koma wopita ngakhale galimoto ya mabelo. Mabrauza nawonso ali cimodzimodzi.

Njira yacidule ndiyo mabrauza osunga bandulo, ndipo wodziwika koposa ndi Opera Mini, ya kampani imene inayambira ku Oslo m'dziko la Norway. Inafalikira pa dziko lonse mu 2006. Kagwiridwe kake ka nchito nkocenjera ndithu. Mukapempha tsamba, brauza iyi ikakhala pa mlingo wosunga kwambiri siipita yokha kwa eni tsambalo. Pempho lanu liyamba lafika ku makompyuta a kampaniyo, ndipo iwo ndiwo akatenga tsamba, nalifinya, nacepetsa zithunzi, nakutumizirani lopepuka. Eni ake amati kutero kukhoza kupulumutsa mpaka magawo 90 pa 100 a bandulo. Kwa ife a kumidzi kumene netiweki ili yofooka ndipo ngwee iriyonse ili ndi nchito, ici ndi cithandizo cacikulu, ndipo powerenga nkhani za m'dziko kapena kuona zigoli za mpira palibe coiposa. Koma kufinya kuja kuli ndi mtengo wake. Mafomu a masiku ano ali ndi timakina ta m'kati timene tiyenera kuyenda m'foni mwenimwenimo: kotsegula zithunzi, kosankhira tsiku lobadwa, kofunsa ngati ndinu munthu kapena makina. Tsamba likafinyidwa, ena mwa timakinato sitifika, ndipo batani lioneka lilipo koma lilibe moyo. Caciwiri, pa mlingo wosunga kwambiri uja zonse zimene mulemba zidzera m'makompyuta a munthu wapakati, ndipo pa nkhani ya ndalama ndi nambala zacinsinsi ncanzeru kuti pasakhale wapakati, ngakhale wokhulupirika.

Njira ya pabwalo la mnansi ndiyo ija imatseguka m'kati mwa mapulogalamu ocezerapo monga Facebook. Mukadinda linki muli m'menemo, tsamba litseguka inu musanatuluke m'nyumba ya eni pulogalamuyo. Ambiri aife sitizindikira kusiyana kwake, ndipo cifukwa cilipo. Mu July 2014 dziko lathu la Zambia linali loyamba pa dziko lonse lapansi kulandira pulogalamu ya Internet.org, imene Facebook inayambitsa pamodzi ndi Airtel, yolola anthu kuona masamba owerengeka popanda kulipira. Pambuyo pake inapatsidwa dzina lakuti Free Basics. Anthu ambiri analawa intaneti koyamba kudzera m'khomo limeneli, kotero kuti mpaka lero alipo amene amayesa kuti Facebook ndiyo intaneti yonse. Koma kabrauza ka m'kati kaja ndi ka mlendo wongodutsa. Kawirikawiri sikakumbuka kuti munalowa kale ndi dzina lanu pa tsamba lakuti m'brauza ina, nthawi zina kamabvuta kutsitsa kalata kapena risiti kuti musunge, ndipo mukadinda molakwa kubwerera m'mbuyo, fomu yonse itayika. Malo olembapo adiresi ya tsamba akhalanso aang'ono, motero nkobvuta kuona bwino kumene mwafika.

Mseu waukulu ndiwo mabrauza athunthu monga Chrome, Firefox, Samsung Internet ndi Safari. Awa apita okha kwa eni tsamba, natenga zonse monga zinalembedwera, popanda kudula kanthu. Adya bandulo yambiri, inde, ndipo Chrome inali ndi njira yakeyake yosungira bandulo imene eni ake anaicotsa mu 2022. Koma amisiri opanga masamba a mabanki, a makoleji ndi a Boma kawirikawiri ayesera nchito yao pa mabrauza otere, cotero ndiwo apita ndi katundu wolemera mpaka kukafika.

Musaganize kuti ili ndi bvuto la anthu a kumudzi okha. Ku South Korea, dziko lotsogola pa zamakina, anthu anakhala zaka zoposa khumi akukakamizika kutsegula masamba a mabanki ndi a Boma m'brauza imodzi yokha ya Internet Explorer, cifukwa masambawo sanali kugwira nchito m'ina iriyonse. Pamene kampani ya Microsoft inapumitsa brauza imeneyi pa 15 June 2022, inasiya m'brauza yake yatsopano ya Edge kakhomo kapadera kotsegulira masamba akale amene sadziwa njira ina. Ndipo ku maiko a mu European Union, kuyambira mu 2024 lamulo lifuna kuti mafoni azionetsa mwini wake mndandanda wa mabrauza kuti asankhe yekha. Ngati ophunzira a maiko olemera akhala ndi brauza iyi ya nchito iyi ndi ina ya nchito ina, ife ticite manyazi ndi ciani?

KACITIDWE KAKE

Tsopano tengani foni, kapena itanani mwana akhale pambali panu, tiyese pamodzi. Mau a pa foni ali m'Cizungu, ndipo asiyana pang'ono malinga ndi mtundu wa foni, koma njira ndi imodzi.

Coyamba, dziwani mabrauza amene muli nao. Yang'anani pa zizindikiro zonse za m'foni. Chrome ndi kampira ka mitundu yofiira, yacikasu ndi yobiriwira, kabuluu pakati. Opera Mini ndi cilembo ca O cofiira. Firefox ndi kanyama ka mtundu wa moto kozinga mpira.

Caciwiri, phunzirani kukopera linki. Munthu akakutumizirani linki pa WhatsApp kapena pa uthenga wamba, musaidinde msanga. Ikani cala pamenepo, musacotse, mpaka patuluke mau akuti Copy. Dindani pa mauwo. Kenaka tsegulani brauza imene mwasankha, ikani cala pa mzere wa pamwamba polemba adiresi, ndipo pakatuluka mau akuti Paste dindani. Izi ndizo anacita mtsikana wa ku Chipata uja, ndipo palibe cina cobisika.

Cacitatu, ngati tsamba latseguka kale m'kati mwa Facebook, yang'anani pa ngodya ya pamwamba. Mudzaona timadontho titatu. Mukatidinda patuluka mndandanda, ndipo pakati pake pali mau oyamba ndi Open in, otsatidwa ndi dzina la brauza kapena liu lakuti browser. Amenewo ndiwo khomo lotulukira kupita ku mseu waukulu. Tulukani musanayambe kulemba, cifukwa zimene mwalemba m'kati sizikutsatani.

Cacinai, ngati mufuna kusintha brauza ya masiku onse, pa foni ya Android lowani pa Settings, kenaka Apps, kenaka Default apps, ndipo pa Browser app musankhe imene mufuna. Koma ine sindikuuzani kuti musinthe. Ngati bandulo ndi yobvuta, isiyeni yopepuka ikhale ya masiku onse, ndipo yathunthu muziitsegula ndi dzanja lanu pa tsiku la nchito yaikulu. Amene akonda Opera Mini adziwenso kuti m'kati mwake muli malo ochedwa Data savings, pamene munthu akhoza kutsitsa mlingo wa kufinya kapena kuuzimitsa kwa kanthawi.

Cacisanu ndi cimene cimagwetsa ambiri. Masamba ena mukalembetsa amatumiza linki yotsimikizira ku uthenga wanu. Mukaidinda, foni iitsegula m'brauza ya masiku onse, pamene inu munayambira nchito m'brauza ina. Brauza yaciwiriyo siikudziwani, cotero ikuuzani kuti muyambenso. Mankhwala ake ndi omwe aja: koperani linkiyo, muiike m'brauza imene munayambira. Nchito imene mwayambira m'njira imodzi muitsirizire m'njira yomweyo.

KATUNDU WOLEMERA NDI UTI?

Zaka zapitazi nchito zambiri zimene kale zinafuna ulendo wa ku boma zasamukira pa intaneti. Boma linatsegula tsamba la ZamPortal, loyang'aniridwa ndi a Smart Zambia, lolipirirapo ndi kupemphera zinthu zosiyanasiyana za m'maofesi ake. Nambala ya msonkho ya TPIN, imene mabanki amafunsa potsegula akaunti, ilembetsedwa pa tsamba la ZRA. Bungwe la mayeso la Examinations Council of Zambia lipereka zotsatira kudzera pa uthenga wa foni ndi pa intaneti. Mu April 2023 lamulo linalola mamembala a NAPSA amene anapereka zopereka 60, kapena amene anakwanitsa zaka 45, kutapako magawo 20 pa 100 a ndalama zao asanapume pa nchito, ndipo mapempho anali kucitika pa intaneti. Abale athu ambiri ogwira nchito m'malo ogona alendo a ku South Luangwa National Park, ophika, oyendetsa magalimoto ndi alonda, akumbuka bwino masiku amenewo.

Lamulo langa tsono ndi ili. Tsamba lirilonse limene likufunsani nambala ya NRC, nambala ya akaunti, pasiwedi, kapena lofuna kuti mutumize cithunzi ca cikalata, ndilo katundu wolemera. Limenelo litsegulidwe m'brauza yathunthu, ndi dzanja lanu. Zina zonse, nkhani, nyimbo, mpira ndi maceza, zidzere njira imene mukonda.

Pali cifukwa cinanso coposa kufa kwa batani, ndico akuba. Masiku ano pa magulu a WhatsApp pamayenda malinki olonjeza feteleza waulere, nchito za Boma, ngongole za msanga kapena ndalama za CDF. Tsamba lake likatseguka lioneka lokongola, liri ndi mbendera ya dziko ndi ciombankhanga cake, komatu cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Wakuba akhoza kujambula mbendera, koma sangabe adiresi yeniyeni. M'brauza yathunthu adiresi ioneka bwino pamwamba, ndipo muyenera kuiwerenga cilembo ndi cilembo. Masamba a maunduna a Boma athera ndi gov.zm. Mabungwe ena a Boma ali ndi mathero ena, monga ZRA imene ithera ndi org.zm ndi NAPSA imene ithera ndi co.zm. Cabwino koposa ndi kulemba adiresi nokha, mutaikopera pa cikwangwani ca mu ofesi kapena pa kalata ya eni ake, osadalira linki yocokera kwa munthu amene naye anailandira kwa munthu. Dziwaninso kuti thumba la CDF, limene linakwezedwa mu 2022 kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, lipemphedwa kudzera m'komiti ya citukuko ya m'wadi mwanu ndi ku khonsolo. Za feteleza wa FISP funsani mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu. Ndipo palibe ofesi yoona imene idzakufunsani PIN ya ndalama za pa foni yanu.

Kunyumba zambiri foni ndi imodzi: atate aitenga m'mawa, amai masana, ana madzulo. Apanso mabrauza awiri athandiza. Patulani imodzi ikhale ya zikalata ndi ndalama zokha, ndipo ana auzidwe kuti m'menemo salowamo, monga salowa m'cipinda ca makolo. Mukatsiriza nchito, tulukani pa tsamba podinda Log out. Ngati mwabwereka foni ya mnzanu kapena ya mnyamata wa pa kasitolo kochajitsa, ndipo brauza yakufunsani ngati isunge pasiwedi yanu, kanani. Foni ija mawa idzakhala m'manja mwa wina.

MAU A WOTSUTSA

Nditafotokoza izi kwa mkulu wina wa kwa Mnkhanya, iye anandiyankha mosabisa. Anati, "Inu a m'tauni mumalankhula ngati bandulo imamera m'munda. Brauza yanu yathunthuyo imeza ndalama ngati njobvu m'munda wa mapira, ndipo foni yanga ndi yakale, ikatsegula zolemera imatentha ndi kuima. Nanga wa foni ya mabatani atani?" Mau awa ndi oona, ndipo sindiwanyoza. Koma tiyeni tiwerenge pamodzi. Mphwanga anataya mabandulo atatu poyesa njira yosunga bandulo, naonjezapo ya basi kupita ndi kubwera, pamene theka la bandulo imodzi likanatsiriza nchito pa njira yoyenera. Kuthamanga si kufika. Wa foni yofooka atseke mapulogalamu ena onse asanayambe, ajambule zikalata zake pasadakhale masana kuli kowala, alembe pa pepala zonse zimene fomu idzafunsa, ndipo ayambe m'mamawa pamene anthu sanaculuke pa netiweki. Asayembekeze tsiku lotsekera. Wa foni ya mabatani asadzibvute ndi mafomu akulu, pakuti foni yotere siinapangidwire zimenezo. Apemphe mphunzitsi, mlangizi kapena mbale wokhulupirika amene ali ndi foni yaikulu, iye ali pomwepo, ndipo nambala zacinsinsi alembe ndi dzanja lake.

Komabe mtolo usakhale pa mlimi yekha. Ndipempha amisiri amene apanga masamba a Boma, a makoleji ndi a mabanki kuti akumbukire munthu wa pa culu. Tsamba limene liyenda bwino mu ofesi ya ku Lusaka liyesedwenso pa foni yochipa, pa netiweki ya kumudzi. Ngati lifuna brauza yakutiyakuti, alembe zimenezo pamwamba peni-peni, m'mau acidule, ndipo nkotheka ndithu kuwalemba m'Cinyanja ndi m'zilankhulo zina za dziko lino. Mzere umodzi wotere ukanapulumutsa nkhuku za mlongo wanga. Ndipemphanso aphunzitsi athu, popeza maphunziro a kompyuta analowa m'masukulu, kuti mwana asatuluke Giredi 12 asanadziwe kukopera linki ndi kuwerenga adiresi. Anyakwawa, atsogoleri a mipingo, a makalabu a amai ndi a mabungwe oyang'anira zacilengedwe m'madera a mafumu athu, pa misonkhano yanu patulani mphindi zowerengeka kuti wacinyamata mmodzi aonetse anthu zinthu izi pa foni yeniyeni. Citukuko cimene Boma libweretsa kudzera pa intaneti sicingapindulire munthu amene waima pa khomo losatseguka, pamene khomo lotseguka liri pambali pake.

Mphwanga anapeza malo, ndipo tsopano ali ku koleji. Pa chuti capita anasonkhanitsa anyamata ndi atsikana a m'mudzi pansi pa mtengo wa mango, nawaonetsa zimene anaphunzira ku Chipata. Amake anapita kwa anansi aja ndi mbale ya mpunga, ndipo ngakhale sananene cifukwa cake, onse anamva. Ine nkhuku zisanu zija ndinabweza, pakuti ndine ndinaitana mwana ku tauni.

Inu amene muli ndi mafunso pa nkhani iyi, kapena amene munakumana ndi zotere, lembani kalata kwa Mkonzi ndipo tidzayankhana pa tsamba lino. Sabata ya mawa tidzaceza za tsabola wothamangitsa njobvu m'minda, ndi cifukwa cake ena amagwira nchito pamene ena alephera. Tsalani bwino.